Banja Likamatha: Zoyenera Kuchita Musanapite ku Khothi ndi Mukabwerako

Pa desiki yomwe ndimathandizirapo anthu pa nkhani za malamulo muno mu Blantyre, sabata siitha osafika munthu, kawirikawiri mayi koma nthawi zina bambo, wodzafunsa kuti banja latha, tsono ayambire pati. Ndayankha pakamwa kokwanira, ndipo ndaona kuti munthu amene mtima uli m'mwamba amatolapo zochepa pa zomwe wauzidwa, choncho ndalemba kamodzi kuti muziwerenga mutakhala pansi kunyumba. Ndineneretu kuti kuthetsa ukwati pakokha si kumene kumavuta kwambiri ku khothi. Anthu ambiri amalira pambuyo pake, akazindikira kuti anatuluka m'khothi ndi chisudzulo chokha, pomwe nkhani ya nyumba, ana ndi ngongole sanaikonzekere. N'chifukwa chake pa mfundo yachinayi ndikhalitsapo kuposa pa zina zonse.

1. Dziwani mtundu wa ukwati wanu, pakuti ndiwo ukusonyezeni khomo logogoda.

Lamulo lalikulu pa nkhanizi ndi Marriage, Divorce and Family Relations Act la mu 2015, ndipo limavomereza maukwati a mitundu inayi. Pali womangidwa kuboma, kwa Registrar General kapena kwa DC, umene sulola mitala. Pali wa mwambo, womwe kuno timaudziwa ndi chinkhoswe. Pali wa kutchalitchi kapena kumzikiti, ndipo pali wongolowana, pomwe mwamuna ndi mkazi akhala limodzi ngati banja popanda mwambo wina uliwonse.

Wongolowanawu ndi umene umasokoneza anthu. Sukhala ukwati pamaso pa lamulo mpaka khothi litaunika n'kunena kuti ndi ukwatidi, ndipo gawo 13 la lamuloli limafuna kuti anthuwo akhale atakhalira limodzi zaka zosachepera zisanu, kuphatikizapo zinthu zina monga kulera ana pamodzi, kudalirana pa ndalama ndi kudziwika kwa anthu kuti ndi banja. Ngati munakhala zaka zitatu zokha, ana anu ali ndi ufulu wonse wolandira thandizo, koma inuyo musapite ku khothi mukudzitcha mkazi kapena mwamuna wa m'nyumba musanafunse odziwa malamulo.

Ukwati wa chinkhoswe umathetsedwa ku khothi la majisitireti, monga la Midima ku Limbe kapena la ku Lunzu, malinga ndi dera lomwe mukukhala. Womangidwa kuboma umapita ku Khothi Lalikulu ku Chichiri, komwe kuli nthambi yoona za mabanja ndi chuma cha masiye. Ambiri mwa ife tinachita chinkhoswe kenaka n'kukadalitsa kutchalitchi, ndiye musaganizire nokha kuti ukwati wanu uli mbali iti: tengani mtchatho wanu mukauonetse kwa kalaliki wa khothi kapena kwa loya. Muwauzenso chaka chomwe munakwatirana, chifukwa maukwati omangidwa chaka cha 2015 chisanafike amaweruzidwa potsatanso malamulo akale pa mfundo zina.

2. Ngati pali nkhanza, yambani ndi kudziteteza.

Simuyenera kudikira kuti ukwati uthe kaye kuti mupeze chitetezo. Lamulo la Prevention of Domestic Violence Act la mu 2006 limapatsa khothi mphamvu yoletsa wankhanza kukumenyani, kukuopsezani kapena kufika pomwe muli, ndipo likhoza kulamula kuti inu ndi ana mukhale m'nyumbamo iye atatuluka, ngakhale dzina la pa lendi lili lake. Pitani ku Victim Support Unit ya polisi ya m'dera lanu, ndipo ngati mwavulazidwa kapimitseni kuchipatala tsiku lomwelo kuti lipoti la dokotala lilembedwe mabala akadali kuoneka. Pa chipatala cha Queen Elizabeth pali One Stop Centre, pomwe achipatala, apolisi ndi a zachisamaliro cha anthu amapezeka pamalo amodzi. Lipotilo mulisunge kwa m'bale wodalirika, osati pansi pa matiresi a m'nyumba yomwe muli mkangano.

3. Pitani kwa ankhoswe, koma dziwani pomwe mphamvu yawo imathera.

Ankhoswe ndi abale aja, wina wa kuchimuna wina wa kuchikazi, amene anasinthana nkhuku pa tsiku la chinkhoswe n'kulandira udindo woyang'anira banja lanu. Pa ukwati wa mwambo, majisitireti adzafuna kumva ngati nkhaniyo inafika kwa iwo ndiponso chomwe anachitapo, choncho akhalireni pansi musanasume, ndipo lembani masiku omwe munakumana ndi zomwe munagwirizana. Ngati nkhoswe wanu anamwalira kapena akukana kubwera chifukwa wakondera mbali ina, nenani zimenezo m'khothi ndipo mubwere ndi wachibale wina amene analipo pa mwambowo.

Cholakwika chomwe ndimakumana nacho kawirikawiri ndi kuganiza kuti poti ankhoswe anena kuti zalephereka, kapena poti mwatha zaka zisanu ndi zitatu aliyense ali kwake, ndiye kuti ukwati unatha. Umboni umene maofesi ndi makhothi amaulemekeza ndi chigamulo cha khothi. Munthu amene anamanga ukwati kuboma n'kukwatiranso woyambawo usanathetsedwe wapalamula mlandu, ndipo akamwalira, mkazi wakale ndi watsopano amakakumana pa chuma cha masiye aliyense akunena kuti ndiye mwini nyumba.

4. Lembani katundu yense ndi kusonkhanitsa umboni musanasume.

Apa ndi pamene milandu yambiri imapindulira kapena kutayikira, ndipo ntchito yake iyenera kuchitika mnzanuyo asanalandire samani, chifukwa samani ikangofika mapepala amayamba kusowa m'nyumba, galimoto imapezeka kuti ndi ya achimwene ake, ndipo puloti imamveka kuti inagulitsidwa kalekale.

Gulani kope la sukulu. Chinthu chilichonse chikhale ndi tsamba lake: nyumba, puloti, munda, galimoto, njinga yamoto ya kabaza, okala, filiji, mashini osokera, ziweto zomwe zili kumudzi, ndalama za ku banki. Pa tsambalo lembani chaka chomwe chinthucho chinagulidwa, mtengo wake, komwe ndalama zinachokera, dzina lomwe linalembedwa pa pepala, komwe pepalalo lili panopa, ndi munthu amene angaime m'khothi kuchitira umboni. Jambulani chinthu chilichonse pa foni, ndipo zithunzizo mutumizenso kwa m'bale wanu. Ngongole nazo muzilembe, za ku banki, za kuntchito ndi za katapila zomwe, chifukwa kubisa ngongole kumachititsa kuti khothi likayikire ngakhale zoona zomwe mwanena.

Mapepala a malo muno mu mzinda ndi amitundumitundu. Ena ali ndi a ku Lands, ena a khonsolo ya mzinda, ena a Malawi Housing Corporation, koma anthu ambiri a ku Ndirande, Bangwe, Mbayani kapena Chilobwe ali ndi kalata yolemba pamanja yomwe anasainirana ndi wogulitsa pamaso pa amfumu. Kalata yoteroyo musaipeputse. Ichititseni fotokope, ndipo mudziwe ngati mboni zomwe zinasainapo zikadali moyo. Pa galimoto, jambulani bulubuku ndi kalata yogulitsirana.

Tsopano funso lomwe aliyense amafunsa ndi lakuti, zonse zili m'dzina la mwamuna wanga, ndiye ine ndipezapo kanthu? Gawo 24 la Malamulo Oyendetsera Dziko limapatsa mkazi ufulu wogawiridwa mwachilungamo katundu amene anali wa onse awiri ukwati ukatha, komanso wolandira thandizo loyenera. Gawo 74 la lamulo la mu 2015 lija limauza khothi kuti pogawa liyang'ane zomwe aliyense amapeza, zosowa zake, msinkhu ndi thanzi lake, ndi zomwe anasonkhapo, kuphatikizapo ntchito za pakhomo. Kunena kwina, kuphika, kulera ana ndi kusamala odwala zaka khumi ndi zisanu mnzanu ali kuntchito ndi chopereka chomwe lamulo limachiwerengera. Mu 2020 Khothi Lalikulu kuno ku Blantyre linafika pogamula kuti mayi amene anathandiza mwamuna wake mpaka kupeza maphunziro apamwamba, n'kusiyidwa mwamunayo atamaliza, anayenera kulipidwa chifukwa cha thandizo lakelo. Komabe mawu akuti mwachilungamo satanthauza theka ndi theka nthawi zonse, ndipo katundu amene munthu anabwera naye m'banja, kapena amene analandira ngati chuma cha makolo ake, kawirikawiri amatsala kwa mwini wake pokhapokha mutaonetsa kuti munamusandutsa wa banja kapena munathirapo zanu. Lamulo lili kumbali ya amene anakhetsa thukuta, koma woweruza sanalipo pomwe thukutalo linkakhetsedwa, ndiye muyenera kumuonetsa.

Mayi wina wogulitsa kaunjika mumsika wa Limbe anafika kwa ine ndi jumbo lodzaza mapepala. Malisiti a malata ndi simenti onse anali m'dzina la bambo, chifukwa ndi bamboyo amene ankapita kusitolo, ndipo ena mwa malisitiwo, a timapepala tosalala ta pa makina tija, anali atafufutika n'kutsala oyera. Titakhuthula jumbolo pansi pake panapezeka kabuku ka banki m'khonde, kopindikapindika ndi kothimbirira mafuta, koonetsa kuti mayiyo anabwereka ndalama masiku awiri malata asanagulidwe, ndipo anabweza yekha mwezi ndi mwezi. Kabuku kameneko, pamodzi ndi mmisiri amene anakhoma denga n'kumalandira malipiro kuchokera m'manja mwa mayiyo, ndiwo unali umboni wake weniweni, ngakhale iye ankakaona ngati kachabechabe. Choncho fufuzani zinthu zoterozo: mabuku a gulu, mauthenga a Mpamba ndi Airtel Money, sitetimenti ya ku banki, woumba njerwa, wa lole amene anatuta mchenga. Malisiti onse achititseni fotokope lero, inki isanathe.

Pali misampha iwiri yomwe ndiyenera kuitchula payokha. Woyamba ndi nyumba yomangidwa pa malo a apongozi. Mkamwini amene anamanga nyumba ya malata kwawo kwa mkazi, kapena mtengwa amene anathira ndalama zake pa nyumba ya kumudzi kwa mwamuna, sangayembekezere kuti khothi lim'patse malo a eni ake amene sali nawo m'mlanduwo. Chomwe angapemphe ndi kubwezeredwa gawo la mtengo wa zomwe anamangazo, ndipo apanso pamafunika umboni wa ndalama. Wachiwiri ndi mwambo wa chikamwini wakuti mwamuna amangire mkazi nyumba kwawo kwa mkaziyo. Makhothi akhala akuulemekeza mwambowu, moti mwamuna amene sanamange ali m'banja akhoza kulamulidwa kumanga kapena kupereka ndalama m'malo mwake ukwati utatha, koma amayi ambiri amene anakwatiwa mwa mwambo umenewu amaiwala kupempha chifukwa moyo wawo wonse akhala m'nyumba za lendi m'tauni. Amene ukwati wawo unali wa malowolo, monga abale athu a ku Nsanje ndi kumpoto, afotokozere khothi mwambo wa kwawo momveka bwino, popeza mfundo zake ndi zina.

Mukaona zizindikiro zakuti mnzanu akufuna kugulitsa nyumba kapena galimoto mlandu usanathe, pemphani khothi msanga chiletso, ndipo ngati malowo ali m'kaundula wa ku Lands funsani loya za kuikitsa chenjezo pa kaundulayo kuti asasinthidwe dzina. Chomwe simuyenera kuchita ndi kubwera ndi lole usiku n'kusesa m'nyumba, kapena kutentha zovala za mnzanu chifukwa cha mkwiyo. Ndikumvetsa kuwawa kwake, koma mukatero mumalowa m'khothi ngati wolakwa pa mlandu womwe munali wodandaula.

5. Kasumeni, ndipo pemphani zonse nthawi imodzi.

Ku khothi la majisitireti mumafotokozera kalaliki dandaulo lanu, mumalipira ndalama yotsegulira mlandu, ndipo samani imalembedwa yoitana mnzanuyo. Ndalama iliyonse yomwe mwapereka mulandirepo lisiti la boma, ndipo nambala ya mlandu muilembe pa chikuto cha kope lanu lija. Ku Khothi Lalikulu mapepala ake ndi ovuta kulemba nokha, choncho mufunika loya, ndipo ngati mulibe ndalama pitani ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lomwe lili ndi ofesi muno mu Blantyre.

Chomwe khothi limafuna kukhutira nacho ndi chakuti banjalo lasweka kotheratu moti silingakonzekenso. Chigololo, nkhanza ndi kuthawa pakhomo ndi zina mwa zinthu zomwe zimasonyeza zimenezo. Fotokozani zomwe zinachitika, liti ndiponso kuti, motsatana bwino, m'Chichewa chomwe mumayankhula kunyumba, ndipo pomwe pakuyankhulidwa Chingerezi pali womasulira. Mauthenga a pa WhatsApp musawafufute mu foni ngakhale mwawasindikiza. Kutukwana apongozi m'khothi sikuwonjezera kanthu pa mlandu wanu.

Musanakhale pansi, nenani momveka zonse zomwe mukupempha: kuthetsa ukwati, kukhala ndi ana, thandizo la ana, thandizo lanu ngati mukuyenera, kugawana katundu, nyumba ya mwambo ija, ndi chipukuta misozi ngati mnzanu ndiye waphwasula banja. Anthu ambiri amatopa n'kunena kuti bola ndimasuke, za katundu tikaonana kunyumba, ndipo kunyumbako sikuchitika kanthu. Nthawi zina majisitireti amathetsa ukwati koma nkhani ya nyumba kapena ya katundu wa mtengo waukulu n'kuitumiza ku Khothi Lalikulu, chifukwa mphamvu zake zili ndi malire. Zikatero fayilo siyenda yokha, muyenera kuilondola. Ndipo ngati khothi lapereka chigamulo choyamba chotchedwa decree nisi, dziwani kuti ukwati sunatheretu mpaka patatuluka chachiwiri, decree absolute, ndiye za ukwati wina zidikire.

6. Pa nkhani ya ana, bwerani ndi masamu, osati mkwiyo.

Mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, malinga ndi kusintha kwa Malamulo Oyendetsera Dziko kwa mu 2017, ndipo chomwe khothi limatsata ndi ubwino wa mwanayo. Mawu akuti ana ndi a kuchikazi, kapena akuti ndinalowola ndiye ana ndi anga, khothi limawamva koma sindiwo amagamula. Limayang'ana amene wakhala akusamala mwanayo tsiku ndi tsiku, msinkhu wake, sukulu yake, malo okagona, ndipo mwana wozindikira amafunsidwa maganizo ake. Nthawi zina a ofesi ya zachisamaliro cha anthu amatumidwa kudzaona pakhomo. Kukhala ndi ndalama zambiri sikupatsa kholo ufulu wotenga ana, popeza yankho la kusowa kwa kholo linalo ndi thandizo la mwezi ndi mwezi.

Thandizolo musalitchule mongoponya. Lembani pa pepala fizi ya teremu, yunifomu, ufa, ndiwo, makala, sopo, lendi, mayendedwe a minibasi ndi mankhwala, kenaka muonetse zomwe inu mukwanitse ndi zomwe mukupempha kwa mnzanu, chifukwa udindo wolera ndi wa makolo onse awiri. Ngati mukudziwa komwe amagwira ntchito kapena bizinesi yomwe amachita, nenani. Lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la mu 2010 limalola kupempha thandizo la mwana ngakhale makolo ake sanakwatiranepo, ndipo lamulo la mu 2015 limafikanso kwa mayi woyembekezera amene sali pabanja ndi mwini mimbayo. Zinthu zikakwera mtengo mukhoza kubwerera ku khothi kukapempha kuti ndalamayo iwonjezedwe.

Kwa amene mwapatsidwa ana, musamaletse mnzanu kuwaona chifukwa sanatumize ndalama mwezi uno, ndipo kwa amene mukupereka thandizo, musalidule chifukwa mayi wa anawo wakwatiwanso. Nkhani ziwirizi khothi limaziona padera, ndipo wolakwira chigamulo pa imodzi sapatsa mnzake chilolezo cholakwira inayo.

7. Tengani chigamulo cholembedwa, ndipo muchilondole.

Zomwe woweruza wanena pakamwa zimaiwalika kapena kukumbukiridwa mosiyana pofika pa depoti ya minibasi, choncho pemphani chigamulo cholembedwa, chosainidwa ndi chodindidwa. Chiwerengeni muli pomwepo. Chigamulo chongoti bambo azithandiza ana n'chovuta kuchitsata, pomwe chonena ndalama zake, tsiku la mwezi lomwe azipereka ndi njira yoperekera chimakutetezani nonse awiri. Chimodzimodzinso pa nyumba: chinene ngati igulitsidwe, amene aiwerengere mtengo, tsiku lomalizira, ndi amene akhalemo podikira. Ngati simunakhutire, masiku ochitira apilo ndi owerengeka, ndiye funsani kalaliki tsiku lomwelo kuti muli ndi masiku angati.

Wopereka thandizo apereke kudzera ku khothi, ku banki kapena pa foni, njira yosiya chizindikiro, chifukwa ndalama yopatsirana pamanja pa geti imakanidwa mawa. Mnzanu akapanda kutsata chigamulo, musatumize achimwene anu kukamuopseza, koma bwererani ku khothi lomwelo ndi nambala ya mlandu ndi mndandanda wa miyezi yomwe sanapereke. Khothi likhoza kumuitana kuti adzafotokoze, kutumiza masherifu kukalanda katundu wake, ngakhalenso kumulanga chifukwa chonyoza chigamulo.

Katundu amene wagwera kwa inu musinthitse dzina mwamsanga, puloti ku ofesi yomwe ili ndi kaundula wake ndipo galimoto ku Road Traffic, mutanyamula chigamulocho. Pomaliza pitani kuntchito kwanu mukaone fomu ya penshoni ndi ya inshuwalansi yomwe munalembapo olandira ndalama mukadzamwalira, komanso wilo ngati munalemba, chifukwa mapepala amenewa amakhalabe ndi dzina lomwe munalembapo chaka chomwe munali pa chikondi mpaka inu mwini mutapita kukalisintha.